Mabushi a Aphunzitsi

Galimoto ya Aphunzitsi inali kuseri kwa polisi, mphuno itafinyika ngati chitini chopondedwa, tayala lakumanzere litapindikira m'kati. Sajeni, mayi wapolisi amene ankafufuza nkhaniyi, anaizungulira kawiri. Pampando wa dalaivala magazi anali atauma, ndipo pansi panali mbwee makope a ana asukulu amene mwini wake sanamalize kuchonga. Ntchentche zinali zitayamba kale msonkhano wawo.

Kwa aliyense nkhaniyi inali yosavuta. Lolemba m'mawa Aphunzitsi ankatsika chitunda cha kusukulu, ana atatu n'kudumphira mumsewu, iwo n'kuponda buleki. M'malo moima, galimoto inanjenjemera, n'kukhotera yokha kumanzere, n'kukadziwombetsa pachipupa cha mlatho. Ana aja anapulumuka, koma Aphunzitsi anathyoka miyendo yonse iwiri. Ndiye popeza galimotoyo inali itangotha sabata imodzi chitulukire kugalaja, mlandu unagwera makaniko wokalamba amene anaikonza. Nkhalambayo inali m'chitokosi, kudikira khoti la mawa m'mawa, ndipo anthu anali atayamba kale kugenda malata a galaja yake.

Amene anamangitsa makanikoyo anali mwamuna wa Aphunzitsi, bambo wa masuti onyezimira yemwe anthu ankamutcha Bwana Tayi, poti ngakhale kokataya zinyalala ankapita atamanga tayi. Sajeni anamupeza pakauntala akumenya thabwa, fungo la perefyumu litadzaza chipinda chonse.

"Ameneyo akaolere kundende! Wandilumalitsira mkazi! Amati waika zitsulo zatsopano, chonsecho waika zowola!"

"Mayiwo mwakawaona lero?" anafunsa Sajeni.

"Ndipita. Ndiyambe ndaona chilungamo."

Sajeni anayang'ana dzanja lomenya thabwalo. Mfundo za zala zinali zosupuka, nkhanambo zisanaume bwino.

"Nanga zalazo mwatani?"

"Chitseko chinandipana. Ine ndi sipanala sitidziwana, mayi. Ndine munthu wa mu ofesi."

Sajeni anangogwedeza mutu. Iye anakulira pansi pa magalimoto, akupatsira bambo ake zitsulo, ndipo mabala otere ankawadziwa kuyambira ali mwana. Komanso mawu oti sipanala iye sanawatchule.

*

Makaniko uja anthu ankamutcha a Pansipansi. Anali atakhala pasimenti, manja akuda atawasanjika pamaondo, fungo la ndowa ya pakona likuchita kulasa m'mphuno. Sajeni anachita manyazi kuona munthu wa msinkhu wa bambo ake atakhala pamalo otero.

"Agogo, ndiuzeni zonse, musasiye kanthu."

"Mwana wanga, ine sindithamanga polankhula, undipirire. Aphunzitsi anabwera akuti akaponda buleki, kutsogolo kumagwedezeka. Ndinawafunsa kuti, kodi phazi lanu limamva buleki ikukankha, ngati mtima ukugunda? Anati ayi. Nanga chiwongolero? Anati chimathawira kumanzere, pansi n'kumveka gu! Pamenepo ndinadziwa kuti madisiki a mabuleki alibe mlandu. Disiki ikapindika imalankhulira kuphazi. Koma galimoto ikamakhotera mbali n'kumagogoda, ndiye kuti mkono wachitsulo wogwira tayala ukusewera, labala wa m'mfundo mwake watha. Labala ameneyo ndiye timati bushi."

"Munangokhulupirira za pakamwa?"

"Iwe, ndine mwana ine? Madisiki ndinawayezabe, anali owongoka. Ndinalowetsa chitsulo pamkono n'kukanikiza, mkono ukuchita kuvina. Ndinapita ndekha kwa wamasipeya kukasankha mabushi, chifukwa kumeneko ukatuma munthu akubweretsera zinyalala. Alipo onyezimira otchipa aja, ukawanunkhiza akumveka tayala lowotchedwa, miyezi iwiri atha. Alipo apulasitiki olimba, amene amakonda othamangitsa magalimoto, ukagunda kamwala mano onse akuchita kugwedera. Mayi woyenda tsiku ndi tsiku ndi makope ake safunika amenewo. Ndinatenga a labala weniweni, olemera m'manja. Ndinawauza Aphunzitsi kuti awa akusungani zaka zisanu."

"Koma bwana wanga wa kupolisi kuno wasuzumira pansi, akuti mabushi ndi akale, ong'ambika."

Nkhalamba ija inatukula mutu koyamba. "Ong'ambika motani? Mopotoka?"

"Sindinaone."

"Kaone. Ukudziwa chifukwa chake amanditcha Pansipansi? Bawuti ya bushi simangidwa galimoto ili m'mwamba pa jeki. Ukamanga tayala likulendewera, potsitsa labala amapotoka, n'kukhala chipotokere mpaka kung'ambika. Ine ndimatsitsa kaye, galimoto iime pamatayala ake, kenako ndilowe m'dzenje ndikamange. Anthu amanditukwana kuti ndimachedwetsa, zaka makumi anayi akunditukwana. Ndikamanga ndimalemba mzere umodzi, kuyambira pamutu pa bawuti, kudutsa pachitsulo cha galimoto, kukathera pamkono. Ndimalembera utoto wa m'zikhadabo, wapinki, umene mwana wanga wamkazi amataya. Ukapeza mzere wanga uli wowongoka pa bushi yowola, usavutike n'khoti. Undisiye momwe muno."

*

Sajeni anayala katoni pansi, n'kukwawira kunsi kwa galimoto yophwanyika ija ndi tochi. Mafuta osakanikirana ndi dothi ankamudonthera pakhosi. Anayamba ndi mbali ya kumanja, imene sinagunde chipupa.

Utoto wapinki unalipo. Pachitsulo cha galimoto kachidutswa ka mzere kanali pamalo pake. Koma kachidutswa ka pamutu pa bawuti kankaloza kwina, ngati muvi wa wotchi yakufa, ndipo mutu wa bawutiyo unali wokumbikakumbika, ntchito ya munthu wogwiritsa sipanala yosakwana. Pamkono penipenipo panalibe utoto ngakhale kadontho. Mkonowo unali wadzimbiri, ndipo bushi yake inali yakale, yong'alukang'aluka, itapotoka ngati nsanza yofinyidwa. Kumanzere kunali chimodzimodzi, kungoti labala wake anali atadukiratu.

Anagona pomwepo kwa kanthawi, akupuma fungo la oyilo. Galu wamkota sakandira pachabe, nkhalamba ija inanena zoona. Wina anamasula mikono yonse iwiri ya mabushi atsopano, n'kuikapo yakale, n'kumangira m'mwamba. Mikono iyi sinali ya galimoto iyi. Tsono mikono ya utoto wapinki ili pansi pa galimoto ya ndani?

*

Kuchipatala, Aphunzitsi anali chagada, miyendo yonse m'zikhakha, umodzi utakolekedwa pachingwe. Pakabati pambali pawo panalibe ngakhale botolo la madzi. Nkhope yawo inali yotupa, koma mawu anali a m'kalasi, omveka bwino liwu lililonse.

"Ngati mwabwera kudzapepesera nkhalamba ija, bwererani. Ndinaikhulupirira ngati bambo anga."

"Ndabwera kudzafunsa basi, amayi. Itachoka kugalaja, galimoto inkayenda bwanji?"

"Bwinobwino. Lolemba mpaka Loweruka, osagwedera ngakhale pang'ono. Ndinafika poiyamikira kwa aphunzitsi anzanga. Kenako Lolemba linalo, ndikutuluka pageti, ndikumva gu! Ndinati ndikaweruka ndikaibweze. Sindinaweruke."

"Lamulungu munapita nayo kuti?"

"Sindinaiyendetse. Anaitenga bambo a kunyumba, amati akaitsukitse."

"Amakonda kukutsukitsirani?"

Aphunzitsi anaseka, kenako n'kugwira nthiti. "Iwo aja? Zaka khumi ndi zinayi, kapu yomwera okha sanatsukepo. Mpake ndinadabwa. Ndisaname, mtima unakoma. Ndinati kapena munthu wayamba kusintha. Anachoka m'mawa, n'kubwera dzuwa litapendeka, galimoto ili ndi fumbi lake lomwe lija. Akuti kotsukirako madzi anasiya."

"Malaya awo anali otani pobwera?"

Mayi aja anayang'ana kudenga. "Anawaviika okha m'beseni. Zimenezonso zinali zachilendo." Kenako anatembenuza mutu. "Mukundifunsiranji za malaya?"

Sajeni anatuluka n'kukawagulira botolo la madzi.

*

Wamasipeya anali munthu wa pakamwa posapuma, wogulitsa ngakhale kwa munthu wongofunsa njira. Shopu yake inali yopanikizana, malamba a injini akulendewera kudenga.

"Achemwali apolisi! Takulandirani! Mabuleki, mababu, mafyuluta, zonse zilipo, zoyambirira zenizeni!"

"A Pansipansi anagula mabushi muno?"

"Eee, madala ovuta aja! Amanunkhiza katundu ngati akugula nsomba. Ndinawapatsa onyezimira, anandiponyera. Anatenga a labala weniweni. Ine za ngozi ndilibe nazo mbali, achemwali, ndalumbira."

"Pali winanso anafunsa mabushi a galimoto ya mtundu womwewo?"

"Mtundu umenewo? Dikirani. Eya! Loweruka. Bwana wa tayi uja, mwamuna wa Aphunzitsi. Ndinati, bwana, si mwakonzetsa kale? Akuti ayi, ndi ya mnzanga, ikugwedezeka akaponda buleki. Nditawauza mtengo anachita kulumpha ngati aponda moto. Anatuluka osagula."

"Mnzawoyo munamuona?"

Wamasipeya anasuzumira kukhomo, n'kutsitsa mawu, kumwetulira kutafika m'makutu. "Mnzawo wake wa nsidze zojambula, achemwali. Anali panjapo akuliza hutala. Galimoto yoyera, mapasa enieni ndi ya Aphunzitsi. Bwana amagula ziwiriziwiri, kuopa nsanje. Pagalasi lakumbuyo anamatapo chithunzi cha lumo ndi chipeso. Saluni yake ili kuseri kwa malo omwetsera mafuta. Koma musati ndanena ndine!"

*

Galimoto yoyera inali pakhomo pa saluni, yotsukidwa bwino, ikuchita kuwala. Mwini saluni anatuluka chingamu chili m'kamwa, chipeso chili m'manja, kasitomala atamusiya mutu theka.

"Mukufuna kumangitsa kapena kuwotcha?"

"Ndikufuna kuona pansi pa galimoto yanu."

"Pansi? Mwataya chani?"

Sajeni sanadikire chilolezo. Anagona pafumbi, ndi yunifolomu yomwe, amayi a mu saluni atatsamira pawindo, mitu itakulungidwa m'mapepala. Sanafunikire ngakhale tochi. Pamkono wakumanja panali kachidutswa ka mzere wapinki, kowala ngati kalembedwa dzulo, kopanda mnzake pabawuti kapena pachitsulo. Kumanzere chimodzimodzi. Mabushi anali atsopano, akuda bii, koma atayamba kale kupotoka.

Anadzuka n'kusasa fumbi. "Anakukonzerani ndani?"

"Adadi." Mtsikanayo anaphulitsa chingamu. "A tayi aja. Ndinawauza kuti galimoto ikundigwedeza, akapanda kukonza asabwerenso. Lamulungu anabwera ndi ina yofanana nayo, akuti ndi ya kuntchito kwawo, yongokhala. Anabwereka jeki, ina anaikweza panjerwa kuseriku. Tsiku lonse akutukwana zitsulo, zala magazi okhaokha. Ine ndinkangowaseka."

"Ya kuntchito?"

"Ndi mmene ananenera."

"Munali makope a ana asukulu m'galimoto imeneyo. Simunawaone?"

Chingamu chinaima. "Makope?"

"Ndi ya akazi awo. Zitsulo zanu zowola anaziika kumeneko. M'mawa mwake mayiwo anagunda mlatho. Ali m'chipatala, miyendo yonse yothyoka."

Mtsikana uja analavula chingamu, n'kukhala pansi pakhonde pomwepo. "Mayo ine! Anandiuza kuti anasiyana chaka chatha. Ndiye ine ndakhala ndikuyendera miyendo ya munthu?" Anapukuta manja pa epuloni kawiri katatu ngati agwira chonyansa. "Tengani makiyi. Itengeni, sindikufuna kuionanso."

"Muyendetsa nokha, mutsogole. Ndipo muyende pang'onopang'ono."

*

Dzuwa lisanalowe, magalimoto awiri aja anali ataimikidwa pamodzi kuseri kwa polisi, yophwanyika ndi yowala. A Pansipansi anatulutsidwa m'chitokosi akutsinzinira kuwala. Bwana Tayi, amene anaitanidwa kuti adzasaine chikalata, anatulukira pakona akuwongola jekete. Ataona galimoto yachiwiri ndi mwini wake, anaima pomwepo.

Nkhalamba inagwada movutikira, n'kusuzumira pansi pa galimoto ya saluni. Inakhalitsa kumeneko. Podzuka, maso anali atafiira.

"Ndi anga. Mzere ndi wanga, mabushi ndi anga. Ndinawasankha ndi manja angawa."

"Bwana," anatero Sajeni, "paja inu ndi sipanala simudziwana?"

"Mayi, tiyeni tikambirane ngati anthu akuluakulu. Izi ndi za m'banja."

"Za m'banja zinagoneka agogowa pasimenti masiku awiri?"

Bwana Tayi anamasula tayi pang'ono, thukuta likuyenderera m'kolala. "Inu simukumvetsa. Ndimati ndidzabwezeretse. Mkazi wanga amayendetsa pang'onopang'ono, ngati kamba, kusukulu ndi kunyumba basi. Ndinaona kuti iyeyo zakalezo sizingamuvute. Uyu ndiye amathamanga, akanatha kuvulala."

Ngakhale wapolisi wa pageti, amene anaonapo zambiri, analavulira kumbali. Sajeni anagwirapo akuba, anagwirapo zidakwa zomenya ana, koma sanaonepo munthu wonyansa ngati ameneyu. Munthuyo sankapepesa ayi, ankachita kufotokoza bwinobwino, akuyembekeza kuti wina amuvomereza.

"Ndiye mutamva kuti wagunda mlatho, munathamangira kuno osati kuchipatala?"

"Ndinaopa kuti wina asuzumira pansi. Ndinati makaniko akamangidwa, nkhani ithera pomwepo. Ndi wokalamba kale, sakanamusunga nthawi yaitali."

Mwini saluni anavula nsapato kuti amugende nayo, Sajeni n'kumugwira dzanja, ngakhale mumtima ankafuna kumusiya.

"Vulani tayi ndi lamba," anatero Sajeni. "M'chitokosi salowa nazo. Malo alipo, agogowa akufunditsirani kale simenti."

*

A Pansipansi anakana kupita kwawo. Anati galaja idikire, malata ogendedwa sathawa, ayambe aona Aphunzitsi. Anafika nthawi yoona odwala isanathe, nkhalamba itavula chipewa kuyambira pageti.

Sajeni anafotokoza zonse, osakometsera. Ananena za mzere wapinki, za njerwa kuseri kwa saluni, za galimoto yachiwiri. Mawu okhawo a kamba ndi amene anawameza. Aphunzitsi anamvetsera osaphethira, manja atagwira chofunda.

"Ndi yoyeranso?" anafunsa pomaliza.

"Yoyera."

"Ine ndimati anandisankhira mtunduwo chifukwa ndimaukonda." Kenako anatembenukira kwa nkhalamba. "Bambo, ndakutukwanani masiku awiri pabedi pano, mpaka manesi anandiletsa. Mundikhululukire."

"Munali ndi ululu, mayi. Wopweteka salankhula bwino."

"Munati mabushi aja andisunga zaka zisanu. Simunaname. Kungoti akusunga mnzanga."

A Pansipansi anapotokola chipewa m'manja. "Sangamusunge, mayi. Bamboyo anamangira m'mwamba. Miyezi itatu sikwana, ang'ambika. Ndamuuza mtsikanayo abwere nayo mawa ndidzamasule, ndimange bwino, asadzaphe ana a eni pamsewu."

Aphunzitsi anawayang'ana nthawi yaitali, misozi ikutsikira m'makutu. "Mukamukonzera?"

"Galimoto ilibe mlandu, mayi. Ndipo chitunda chija amatsikanso iye."

Belu lotulutsa alendo linalira. Nkhalamba inaweramira pabedi, n'kuyang'ana chingwe chokoleka mwendo wa Aphunzitsi, n'kuona kuti kabawuti ka pachitsulo chake kakugwedera. Inakamanga ndi zala, pang'onopang'ono, mpaka kanalimba.